Zitini Zanga Sindibisa

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 1983

Okondedwa alongo anga a Norbert,

Kalata yanu ya ku Gaborone ndalandira. Mukuti ndisiye koleji ya aphunzitsi kuno ndibwere uko kumene kuli zipangizo. Zikomo, koma sindibwera. Imvani kaye zimene zachitika.

Paja ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo. Koleji yonse ili ndi mamaikulosikopu awiri okha, ndipo ba Chalwe, mkulu wa gawo lathu, amawakhomera m'kabati poti akawonongeka palibe ndalama zakunja zogulira ena. Ophunzira anga ankangojambula tizilombo ta m'madzi kuchokera m'buku, osationapo ndi maso awo. Chonsecho chaka chamawa iwowa akaphunzitsa ana ku Lundazi ndi ku Mansa.

Ndiye ndinayamba kusungunula zidutswa za galasi pamoto wa mu labu kuti zisanduke timikanda. Kamkanda kotere ukakaika pa kabowo ka chivundikiro cha chitini cha polishi, kamakulitsa zinthu ngati maikulosikopu, moti dontho la madzi a m'ngalande limaoneka lodzaza ndi zamoyo. Wophunzira aliyense anapanga kake. Lena Kabamba, mtsikana wa ku Chelstone amene sankatsegula pakamwa m'kalasi, atasuzumira anakuwa, "Ba madamu, viyenda! Vili na moyo!"

Sabata yatha kunabwera alendo a ku unduna ndi akuluakulu a Chipani. Ba Chalwe anandiitanira pambali. "Ba Petronella, vitini vanu mubise. Lelo tizachosa vija va mu kabati. Musatichitise nsoni."

Ndinati, "Alendo aone zimene ana amaphunzirira chaka chonse. Sindibisa."

Atalowa anapeza zitini pa tebulo lililonse. Mmodzi anasuzumira nthawi yaitali, kenako nachoka. Wina anati ndikunyoza boma, ndikuonetsa ngati lalephera. Lolemba anandiimitsa ntchito mpaka nkhani yanga adzaikambe.

Musade nkhawa. Dzulo Loweruka Lena anafika pakhomo pano ndi botolo la madzi a m'chithaphwi, kumbuyo kwake kalasi yonse, ena a chaka choyamba amene sindiwadziwa n'komwe. Tinaphunzira pakhonde mpaka dzuwa linapendeka. Akandichotseratu, andichotse. Zitinizo zili kale m'manja mwa ana.

Ngati mufuna kundithandiza, tumizani timitengo ta galasi ta mu labu, tija topyapyala. Za tikiti ya ku Gaborone iwalani.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupatsani moni wambiri. Miyendo ija ikuwavutabe. Zoti anandiimitsa ntchito sakudziwa. M'mawa ndimavala bwinobwino n'kukwera basi ya m'tauni, kukakhala ku laibulale mpaka nthawi yoweruka. Dzulo amayiwo anawaphikira ophunzira aja tiyi ndi shuga wawo wotsiriza, ndipo lero ku tchalitchi amauza anzawo kuti mwana wawo amakondedwa pantchito. Mukamawalembera, muwafunse za miyendo basi.

Ndine mlongo wanu,
Petronella