Liwu Loyamba la Bambo a Tadala

Lolemba, pakati pa Januwale, ku Leeds. Kwazizira, ndipo mtima sunakhazikike.

Lero bambo a Tadala akwanitsa masabata atatu m'chipatala chidwalire sitiroko, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Ine ndine namwino, odwala otere ndawaona ambiri, choncho sindidzinamiza.

Masana kunabwera a Mbewe, mnzawo wa ku Hull. Chiyambire ku yunivesite awiriwa amakangana za mpira wa ku America, uja wovala zipewa zolimba, umene ine sindiumvetsa mpaka lero. Titapemphera, a Mbewe anatulutsa foni n'kuwaonetsa masewero a dzulo. Wosewera wa timu ya amuna anga anawakha mpira n'kugwa nawo, koma oyimbira anati sanaugwire. Timu inatuluka mumpikisano.

"Achimwene, oyimbira sanalakwe," anatero a Mbewe. "Mpira unagunda pansi. Anthu akungolira chabe pa intaneti."

Ndinafuna kuwaletsa. Munthu akudwala, iwo abwera ndi zopsetsa mtima? Koma amuna anga anakodola ndi dzanja lamanzere kuti abwereze. Anaonera katatu, kenaka milomo inayamba kunjenjemera.

"Bodza."

Linatuluka lopindika, koma tonse tinalimva. A Mbewe anatembenukira kuzenera kubisa misozi. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Alamu, mpira uja anaugwiradi. Ndinanena dala."

Ndinkapempha Mulungu kuti liwu loyamba lidzakhale dzina langa, ndipo ndachita manyazi kuti kansanje kanandigwira. Komabe ndalilandira. Mwana wathu Tadala sindinamuuzebe. Ndikuopa kumusangalatsa lero, mawa bambo ake akapanda kuyankhulanso...