Mapiritsi Khumi ndi Anayi M'thumba la Jekete

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 69. Ndinaphunzitsa masamu kuno ku Fingoe zaka 31, ndipo kuwerenga zinthu sikunandichoke. Nkhuku ndili nazo 17, ndipo kuchokera pakhomo kufika pachitsime ndi mapazi 212.

Mwezi wathawu amuna anga, a Lourenço, anagwa m'munda, mkono n'kuchita dzanzi theka la ola. Kuchipatala anati mafuta achuluka m'magazi, aja amati kolesiterolo. Pa mankhwala amene anawapatsa panali mapiritsi 90 otsitsa mafutawo, limodzi patsiku.

Ndimalemba mu kaderno, kabuku kanga, tsiku lililonse. Pa tsiku la 28 m'botolo munatsala 62, ndendende, mtima wanga uli m'malo. Koma Loweruka, ndikufuna kuchapa jekete lawo, ndinapeza kapepala kokulunga bwino. M'kati munali mapiritsi 14, pamwamba atalemba kuti "Achimwene Dinis". Ndiye kuti lero amameza, mawa amabisa m'dzanja n'kumwa madzi okha, ine ndikuona.

A Dinis ndi akulu awo. Amakhala ku Chiputo, ndipo akamakwera chitunda amagwira pachifuwa. Kuchipatala sanapiteko.

Nditawafunsa a Lourenço anati, "Amake Cecília, kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia ine ndi achimwene tinkagawana kapu imodzi ya nyemba, iwo n'kumanama kuti akhuta. Lero ndimeze moyo ndekha?"

Kwathu kuno chochokera kusitolo, kaya shuga kaya sopo, mkulu amalandira gawo lake. Kodi theka la mankhwala likuwateteza amuna anga? Nanga alamu anga angawathandize? Takhala m'banja zaka 46, Aphungu, ndipo ndikufuna cha 47.

M. D., Fingoe

Amayi M.,

Masamu anu ndi olondola, ndipo mtima wa bambowo ndi wabwino. Koma mankhwala si shuga. Akagawana, onse awiri atsala pangozi.

Mapiritsiwa amagwira ntchito mwakachetechete, osamveka m'thupi. Amachepetsa mafuta otseka mitsempha, ndipo munthu amene wachitapo dzanzi chotero ayenera kumwa monga analembera dotolo, osadumphitsa. Musawamwetse awiriawiri kuti mubweze masiku otayika. Bwererani kuchipatala sabata ino, mutenge botolo, kapepalako ndi kaderno wanu, munene zonse osachita manyazi.

Za alamu anu ndilankhula mosabisa. Mapiritsiwa saletsa kupweteka kwa pachifuwa. Chimene chikuwagwira pachitunda chingakhale mtima, ndipo chofunika ndi kuyezedwa, osati kutumiziridwa kapepala. Komanso simudziwa zina zimene akumwa, poti pali mankhwala ena osagwirizana ndi amenewa.

Choncho musawakalipire a Lourenço. Auzeni kuti gawo la mkulu lilipo, koma ndi mpando wa pamota, njinga yamoto ija. Tumizani mota ikawatenge ku Chiputo mvula isanadule msewu, adzagone kwanu, abale awiriwo akalowe limodzi kwa dotolo. Akawapeza ndi vuto lomwelo, adzalandira botolo lawolawo.

Chenjezo langa ndi ili. Anthu ambiri amamwa mankhwalawa zaka zambiri popanda vuto. Koma bambowo akamva minofu ikuwawa kwambiri popanda chifukwa, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Dzanzi likabwerera, pakamwa pakapotoka, kapena chifuwa chikathina, musadikire kuti muone.

Ndipo nthawi yomwa ikakwana, siyani kaye kuwerenga za m'botolo. Khalani pafupi, muwapatse madzi, mugwire dzanja lobisa lija mpaka ameze. Mwawerenga mapiritsi masiku 28, amayi. Tsopano yambani kuwerenga masiku opita ku chaka cha 47.

Aphungu