Mwendo Wowala

12 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, kungoti ndatopa, kutopa kofika m'mafupa.

Mwendo uja ndinkati ndi kutupa wamba, ndapita nawo kuchipatala chachikulu. Adokotala anati m'thupi muli timitsempha tina toyendamo madzi, osati magazi, ndipo ankafuna kuona ngati tanga tatsekeka. Anandibaya jakisoni pakati pa zala za mapazi onse awiri, n'kundiuza kuti ndiziyendayenda m'khonde kuti mankhwalawo akwere. Ndinalizungulira khondelo mpaka mayi wokolopa anayamba kundipatsa moni ngati mnansi wake. Pomaliza anandigoneka chagada pansi pa makina ojambulira, osagwedezeka.

Chithunzi chitatuluka ndinasangalala. Mwendo wamanja, wotupawu, unkawala wonse kuyambira kuphazi mpaka m'bondo, pomwe wamanzere unali ndi kamzere kamodzi kowonda ngati ulusi.

"Adokotala, ndiye kuti wotupawu ndi umene uli ndi mphamvu eti?" ndinafunsa.

Anayamba avula magalasi. "Ayi mayi. Kamzereko ndiye njira yabwino, madzi akukwera. Kuwalaku ndi madzi amene asowa kolowera, angofalikira pansi pa khungu."

Akuti mwendowu sudzaphweratu. Ndizivala sokosi yothina, ndiziuika pamwamba, ndipo ndisamatandale pa mashini miyendo ili lende. Achemwali, telala angasoke atagona? Ndinalira m'basi, anthu akuona.

Tsono za diresi laukwati la mwana wanu. Ndamva kwa amayi kuti mukufuna kupatsa telala wina kuti mundipumuze. Chonde musatero. Mwana ameneyo ndamusokera kuyambira matewera mpaka yunifolomu, ndiye lomalizali ndilo mundilande? Tapeza nzeru. Alamu anu amakhala pambali n'kumapalasa mashini, ine mwendo uli pampando, ndikuwongolera nsalu. Amapalasa ngati akuthawa galu, ndipo tikukangana kuposa chaka chimene tinakwatirana, koma mikono yonse iwiri yatha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mkwatibwi wathu. Mumuuze asanenepe, asawondenso, muyeso ndinatenga kale. Nsapato munandilonjeza zija musavutike kugula, kumanjaku palibe ingalowe. Ndidzabwera ndi patapata n'kukhala pabenchi yakumbuyo, bola diresi langa lidzakhale kutsogolo.

Ndine mng'ono wanu,
Telala wanu yemwe uja