Njanji ya pa chitseko chanu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Musadabwe ndi zilembo zokhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Esinati ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mtedza wachita bwino, koma fodya matalala anamung'amba ngati sanza.

Mukukumbuka mmene ndinkathawira kumunda kukaonerera sitima yopita ku Mchinji? Munkati, "Yohane, iwe udzafera zoseweretsa." Panatsala pang'ono kuti mawu anuwo apherezeke.

Chichokereni inu padziko pano, ndinatenga chitseko chakale cha nyumba yanu n'kuyamba kumangapo kanjanji kofanana ndi yathuyi. Masipoko a njinga ndiwo njanji, zitini ndizo sitima. Zina zonse ndinkayamba ndakaziona kaye ndi maso: mlatho wa kudambo, chulu chija, mabulugamu, nyumba za m'mbali mwa njanji, ndi mtengo wa mango pomwe munkagulitsira chinangwa. Inunso ndinakuumbani ndi dothi, dengu lili pamutu.

Loweruka lapitali ndinakatola timiyala ta m'njanji toti ndisinje n'kuthira pa kanjanji kanga, chifukwa mchenga sunkaoneka bwino. Masiku ano anthu akumaba zitsulo za njanji, ndiye anyamata a m'mudzi amalondera. Atandiona nditawerama ndi thumba, wina anakuwa, "Wakuba uyo!" Thumbalo sanalitsegule n'komwe. Chibonga choyamba chinatera kumsana, chachiwiri kukamwa. Ndinalavula dzino, magazi ali chuchuchu pamalaya. Amene anandiponda mkono panjanji n'kuphwanya dzanja langa ndi mwala ndi Lemani, mwana wa achimwene anu, yemwe munkamubereka kumbuyo. Ndinalira kuti, "Asuweni, ndine!" Iye anangoti, "Ulule komwe wabisa zitsulo!"

Anandikokera kunyumba ngati mbuzi. Atasowa zitsulozo, ukali wawo unathera pa chitseko chija. Anaphwanya mlatho ndi mipini, nyumba zonse anazipondaponda. Madzulo Esinati anakupezani mutagubudukira pansi pa bedi, dengu lokha ndilo linathyoka.

Kuchipatala akuti zala ziwiri sizidzapindanso. Ine kalipentala, Amayi, sowo ndidzaigwira bwanji? Dzulo Lemani anabwera ndi nkhuku kudzapepesa, ndinamugenda nayo kumaso. Mtima wanga ukuwira, sindikubisirani. Ndikamadutsa pa chigafa chake cha fodya, dzanja limapita lokha m'thumba momwe muli machesi. Ndimangomva inu mukundiitana dzina lonse, monga munkachitira ndikatola mwala kuti ndigende mnzanga.

Ndiye ndikulonjezeni: sindiyatsa. Chitseko ndachipukuta kale. Ndimanganso ndi lamanzere lomweli, chulu, mlatho, ndi dengu lanu latsopano. Nyumba zonse zibwerera m'malo mwake, koma pomwe panali ya Lemani ndisiyapo tchire.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Yohane