Madzi a Mumgolo wa Kabichi

3 Novembala
Masitepe ochokera kuchipinda chapansi kufika pakhomo panga: 64. Ndapumula kanayi. Chaka chatha kamodzi.
Kabichi ali m'madzi a mchere mumgolo pansipo sabata yachiwiri, mitu 30, mchere monga mwa zaka 41 zonsezi. Ndauzira paipi kuti madzi a mchere asakanikirane. M'maso munada bii.

6 Novembala
Kwa Dokotala Pârvu. Mphindi zisanu ndi ziwiri, ndimayang'ana wotchi. Ndamuuza zonse: mitsamiro itatu kuti ndipume ndikagona, nsapato zosalowa, kutsokomola. Kope langa lolembamo manambala onse sanalitsegule n'komwe. "Agogo, zaka 76 mukufuna muzithamanga ngati kamtsikana?" Agogo! Ine amene ndinamuphunzitsa masamu, iye akulira ndi kugawa manambala.
Wandilembera mankhwala a chifuwa.

10 Novembala
Sikelo: 68, 69, 70 ndi theka, lero 72. Makilogalamu anayi sabata imodzi, chonsecho chakudya sichikulowa. Ndadina chala pamwendo, dzenje lakhala masekondi 40.
Mwana wanga Sanda wayimba ali kunja, ku Torino. "Amayi, mukulankhula ngati mwakwera phiri. Zikapitirira ndidzakutengani." Sindipita. Manda a bambo ake ali kuno, azisesa ndani?

17 Novembala, m'chipatala
Lachinayi paipi inandikanika. A Ghiță a khomo loyandikana anandipeza nditakhala pa sitepe ya 19. "Aphunzitsi, milomo yabiriwiratu iyi, lero musatsutse." Ndinatsutsa. Ambulansi anaitanabe.
Dokotala wa kuno, Mayi Voicu, wawerenga kope lonse, masamba 52. Ayeza magazi, ajambula chifuwa ndi mtima. Mtima wafooka. Ukagunda ukutulutsa magawo 30 okha pa 100 a magazi, wabwino umaposa 50. Madzi adzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Si chifuwa. Pârvu ndi bulu, ndipo ndikamuuza pamaso.

18 Novembala
A Voicu afunsa za mchere. Ndawaonetsa tsamba 12: kasupuni kamodzi patsiku.
"Nanga mukamauzira mgolo uja, simulawa?"
Ndaulula.
Makapu awiri a madzi a mchere aja tsiku lililonse, nditaima pamgolo pomwepo. Mayi anga ankati amatsuka magazi. Sindinalembepo ngakhale kamodzi. Si chakudya, si mankhwala, m'kope munalibe mzere wake. Akuti si madziwo anafooketsa mtima, koma ndi amene anausenzetsa katundu. Ine wowerenga machesi m'bokosi! Lero Pârvu sindinamuganizeko.

24 Novembala
Kunyumba. Sikelo: 67. Mapiritsi asanu, okodzetsawo andiyendetsa maulendo 11. Masitepe: kupumula kawiri.
Sanda wagonja theka. Sikelo ikakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu, akubwera ndi sutikesi. Azimva manambala Lamlungu lililonse. Amadziwa kuti pa manambala sindinama.
Mgolo ndapatsa a Ghiță, paipi yomwe.

27 Novembala
67 ndi theka.
Masana a Ghiță agogoda, botolo la madzi a mumgolo m'manja. "Aphunzitsi, kabichi wanu wapsa bwino chaka chino! Pang'ono pokha, adokotala sakuona." Chitsiru cha munthu wabwino.
Botolo lakhala patebulo mphindi 50. Ndatsegula, ndanunkhiza. Fungo la khitchini ya mayi anga.
Ndathira m'sinki, kapu ndi kapu. Anayi ndi theka.
Ndajambula mzere watsopano m'kope, ndalemba.