Bulu Wobedwa ndi Kochi Wotsimphina

Aphungu,

Ndine kochi wa timu ya mpira wa ku America, woponya ndi manja uja, pakoleji ina kuno, chaka chakhumi ndi chimodzi tsopano. Lamulo ndinalemba ndekha n'kulipachika pachitseko cha chipinda chovalira: wochititsa timu manyazi sasewera masewero otsatira.

Loweruka likudzali tikukumana ndi adani athu akale a kutsidya kwa mtsinje, omwe amaweta bulu ngati chizindikiro cha timu yawo. Lolemba masana anyamata anga atatu anakamuba buluyo, n'kumupaka utoto wathu wofiira m'ziboda, n'kukamumangirira mu ofesi ya mkulu wa koleji yathu. Buluyo anadya maluwa a patebulo, n'kusiya mphatso pakapeti. Eni ake anadzamutenga akutukwana.

Anatsogolera ndi Tavion Prewitt, woponya mpira wathu wodalirika. Popanda iye tigonja, ndipo akuluakulu anandiuza kale kuti tikagonjanso chaka chino ndiyambe kulongedza.

Nditamuitana anaima mwaulemu, chisoti m'manja, n'kunena kuti, "Ndalakwa, akochi. Komatu adadi akupereka moni. Akuti mu 1996 iwo ankakoka chingwe inu mukukankha kumbuyo, mpaka bulu wa nthawi imeneyo anakumenyani bondo."

Aphungu, n'zoona, ndipo chithunzi cha tsiku limenelo Tavion ali nacho. Anyamata onse ndinawauza kuti kutsimphinaku ndinavulala pabwalo. Ndimulange ndi nkhope iti?

D.R., Tupelo

A D.R.,

Ndaseka, pepani. Koma mnyamatayo sanakupatseni moni ayi, wakukokani mphuno, akukuopsezani kuti musamulange.

Mawa sonkhanitsani timu muulule nokha za bondolo, chithunzi chisanayambe kuyenda m'mafoni. Akusekani sabata imodzi, kenako Tavion atsala ndi pepala lopanda ntchito.

Lamulo munalemba nokha, ndiye onse atatu akhale pabenchi Loweruka. Mukalanga awiri n'kusiya wa dzanja lamphamvu, ena onse aphunzira kuti malamulo anu amaluma osadziwa mpira okha. Akuluakulu auzeni lero, asakamve pabwalo, ndipo woponya wachiwiri ayambe kutuluka thukuta.

Zowathamangitsa m'masitepe mpaka kusanza zisiyeni. Zimenezo zimangothyola ana a eni, nzeru sizilowera m'miyendo. Achape kapeti, apite kutsidya akapepese kwa wosamala bulu, asuke ziboda, akolope khola sabata yathunthu. Inunso nyamulani fosholo mupite nawo, poti chilango chanu cha 1996 chikadali kukudikirani. Fosholo ina muwatengere a Prewitt aakulu. Munthu wokonda kupereka moni ngati ameneyo asatsale.

Mwina mugonjadi, mwinanso ntchito itha. Sindikunamizani. Koma kochi wosunga mawu ake sasowa komuitana.

Chenjerani ndi mtima womwe ukukunong'onezani kuti "kamodzi kokha". Mukamuseweretsa Tavion Loweruka, kuyambira Lolemba kochi wa timuyo ndi iyeyo, inu muzingomunyamulira wezulo.