Atiphatikiza ku Tchalitchi

Komboni ya pulazi ya fodya,
Guruve.

Okondedwa achemwali anga a Tereza,

Landirani moni wochokera kuno ku Zimbabwe. Kodi muli bwanji kumeneko ku Dedza? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti chimwalirire amuna anga a Lazalo nyumba yandikulira.

Nkhani ndi yakuti kutchalitchi atiphatikiza. Paja ife a ku Malawi tinkapemphera m'mawa m'Chichewa, a Chishona n'kumalowa masana. Mwezi watha abusa atsopano anati tatsala anthu asanu ndi awiri okha, choncho tizipemphera pamodzi m'Chishona. Anati imeneyi ndi intigiresheni, chinthu chabwino. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, kuopa kuoneka wokana.

Mawuwo anandikhala pamtima. Ndinafunsa alangizi a zaulimi atabwera kumadimba. Iwo anati kuntchito kwawo mawuwa amanena kumanga khola la nkhuku pamwamba pa dziwe, zitosi zizidyetsa nsomba, madzi azithirira masamba. Ndinawafunsa ngati nkhukuyo imasiya kulira ngati nkhuku. Anaseka n'kuti ayi, gogo.

Mdzukulu wanga Plaxedes, mwana wa Passmore wanga, anabwera kutchuthi kuchokera ku Ruwa. Iye akuti mawuwa ndi a m'masamu: umadula chinthu m'tizidutswa ting'onoting'ono, n'kutiwonkhetsa tonse kuti udziwe kukula kwake. Anandikumbutsanso kuti ndi mawu omwewa amene a bungwe lina ankanena muja ankathandiza bambo ake kusintha chitupa, kuti chisamaonetsenso kuti ndi mlendo. Pamenepo sindinatsutse, chifukwa chitupacho n'chimene chinam'pezetsa ntchito Passmore. Koma zonsezi mwanayu anandifotokozera m'Chishona. Chichewa amangomva, kuyankha satha.

Lamulungu lapitali chinakwana chaka a Lazalo atatisiya. Ndinapempha abusa kuti tiimbeko nyimbo imodzi ya Chichewa imene ankaikonda, ndipo anavomera bwinobwino. Ndinaimirira n'kuyamba. Achemwali, palibe anandilandira. Mayi Phiri amene ankandipolokozera anatengedwa ndi ana awo kupita ku Arcturus, ndipo azibambo otsalawo ankangoyang'ana pansi. Nditafika ndime yachiwiri mawu anandithawa. Buku lathu la nyimbo ndinawaikira a Lazalo m'bokosi, osaganiza kuti ndidzalifuna.

Ndinangoima choncho. Kenako mayi Chikomo, Mshona amene tinayandikana nyumba, anaitola nyimboyo m'chinenero chawo, onse n'kuilandira mpaka kumapeto. Anaimba bwino ndithu. Ine ndinakhala pansi. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko n'kulira, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinkalira kuthokoza kapena kudandaula.

M'mawa mwake mayi Chikomo anandipeza ndikusesa. Anati, "Gogo, mawu anu aja mundiphunzitse. Inu muziyamba, ine ndizilandira." Ndinangogwedeza mutu, manyazi atandigwira, poti mawuwo inenso ndilibe.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mundipezereko buku la nyimbo za Chichewa, ngakhale lakale long'ambika, bola zilembo zikhale zazikulu chifukwa maso afooka. Mupatsire munthu wodalirika wokwera basi ya ku Harare, Passmore akalilandira ku Mbare.

Passmore yemweyo akuti ndisamuke ndikakhale naye ku Ruwa. Ndamuuza kuti adikire kaye. Manda a bambo ake ali kuseri kwa mabalani a fodya, ndipo ndikachoka ine palibe angawalambule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa achimwene ku Linthipe, ndi kwa adzukulu onse, ngakhale sandidziwa nkhope. Poyankha mulembe kalata yaitali, musafupikitse. Kalata zanu ndimaziwerenga mokweza, kuti m'nyumba muno mumvekeko Chichewa.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esnath